Paskha ya Ayuda pa yunivesite, ndi mlendo amene anapulumuka kwa Hitler

M'mayunivesite ambiri ku America, ikafika nyengo ya Paskha cha m'Malichi kapena Epulo, ophunzira achiyuda amene ali kutali ndi kwawo amasonkhana kudyera limodzi chakudya chamwambo chotchedwa seder. Kawirikawiri amawakonzera ndi bungwe la Hillel, lomwe linayambika mu 1923 pa University of Illinois, ndipo anzawo amene si Ayuda amalandiridwanso. Malo ena amaitanako gogo amene anapulumuka Holocaust, pamene boma la Hitler linapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni. Ife ophunzitsa mbiri yakale timaona kuti palibe malo ena oyenera mlendo wotere kuposa patebulo limeneli.

Chifukwa chake chili mu mwambowo. Seder imayenda ndi funso la mwana. Wamng'ono pa onse amafunsa chimene chikusiyanitsa usiku umenewu ndi mausiku ena, kenaka akuluakulu amafotokoza za ukapolo wa ku Iguputo, monga mmene Eksodo 12:26-27 amalamulira. Patebulo pamakhala mkate wopanda chotupitsa, masamba owawa, ndi madzi amchere okumbutsa misozi. Nkhaniyo sangoimva ndi makutu ayi, amailawanso.

Kwa amene anaona nkhondo, zinthuzi si zizindikiro chabe. Pa 19 Epulo 1943, Paskha itatsala maola ochepa kuyamba, asilikali a Germany analowa m'dera limene anatsekeramo Ayuda ku Warsaw, ku Poland, kuti atenge otsala. Achinyamata achiyuda, ali ndi mfuti zowerengeka, analimbana nawo pafupifupi mwezi wathunthu. Chaka chotsatira, mumsasa wa akaidi wa Bergen-Belsen ku Germany, arabi (aphunzitsi achipembedzo chachiyuda) analemba pemphero loti akaidi azinena asanadye mkate wotupitsa, womwe ndi woletsedwa pa Paskha, poti kuukana kukanakhala kudzipha ndi njala. Pempherolo linali lodandaula kuti akulephera kusunga lamulo, koma akusankha moyo.

Pali chimodzi chimene ophunzira amadabwa nacho. Amayembekeza munthu wa nambala pamkono, koma nambala zoterezi ankazidinda pa akaidi a kumsasa wa Auschwitz kokha. Komanso pafupifupi onse opulumuka amene ali moyo lero anali ana panthawiyo: yemwe anali ndi zaka 10 mu 1945 anakwanitsa 90 mu 2025. Ambiri anabisidwa m'mabanja a anthu ena, ena anali m'gulu la ana pafupifupi 10,000 amene anatumizidwa ku Britain mu 1938 ndi 1939, makolo atatsala. Choncho zimene amakumbukira ndi za mwana: nsapato yothina, dzina lachilendo limene anauzidwa kuti aziyankhira, nkhope ya mayi pasiteshoni. Masiku ndi ziwerengero muzipeza m'mabuku; musamufunse gogoyo ngati ali pa mayeso.

Ndipo musamukakamize kunena kuti anakhululuka. Funso limeneli timalikonda kwambiri ife opemphera, koma nthawi zambiri limatonthoza wofunsa, osati woyankha. Mufunseni za kwawo nkhondo isanabwere, mayina a abale ake, ndi amene ankafunsa funso la mwana pa seder ya kunyumba kwawo.

Amene muli ku South Africa simufunika kupita ku America kuti mumve maumboni otere. Ku Cape Town kuli malo okumbukira Holocaust kuyambira 1999, ndipo ena ali ku Durban ndi ku Johannesburg, komwe amaphunzitsanso za kuphedwa kwa Atutsi ku Rwanda mu 1994.