Si theche limene linam'palamulitsa Rossi ku Sepang

Anthu okonda mpikisano wa njinga zamoto wa MotoGP akhoza kukhala pamodzi mwamtendere tsiku lonse, koma wina akangotchula dzina loti Sepang, kacheza kamatha pomwepo. Ena amati Valentino Rossi anamenya mnzake theche, ena amati Marc Márquez anachita kuziputa dala. Kwa ife amene timakhala pampando woweruza mipikisano, ngakhale ing'onoing'ono yopanda makamera a pa TV, nkhaniyi ndi imene timaphunzitsira atsopano, chifukwa chimene anthu amakanganirana si chimene oweruza anagamulira.

Linali Lamlungu pa 25 October 2015, pa bwalo la mipikisano la Sepang ku Malaysia, mipikisano itatsala iwiri kuti chaka chithe. Rossi, wa zaka 36, ankatsogola ndi mapointi 11 pamwamba pa Jorge Lorenzo, mnzake wa timu imodzi ya Yamaha, ndipo ankasaka ukatswiri wa dziko lonse kachikhumi. Lachinayi la sabata yomweyo anauza atolankhani, Márquez ali chikhalire pambali pake, kuti mnyamata wa Honda ameneyu ankamusokoneza dala pa mpikisano wapitawo wa ku Phillip Island ku Australia pofuna kuthandiza Lorenzo. Márquez anali ndi zaka 22, ndipo chaka chimenecho mwayi wake wa ukatswiri unali utatha kale. Mpikisano utayamba, Dani Pedrosa ndi Lorenzo anapita patsogolo, Rossi ndi Márquez n'kutsala akulimbirana malo achitatu ngati palibenso mawa, uyu kudutsa, uyu kubwezera pa khona yotsatira.

Pa raundi ya 7 yozungulira bwalolo, pa khona ya nambala 14 yokhotera kumanja, Rossi analowa chamkati. M'malo mokhota, anachepetsa liwiro n'kumangopita chakunja, uku akucheukira kwa Márquez amene anali kumanzere kwake. Msewu unayamba kum'thera Márquez. Anagoneka njinga kuti akhote, awiriwa anakhudzana, phazi lamanzere la Rossi linachoka popondera, Márquez n'kugwa. Rossi anapitirira mpaka kumaliza ali wachitatu.

Kuti mumvetse mlandu wotere, yambani mwaiwala lamulo la pamsewu. Kabaza akagunda galimoto kumbuyo, aliyense amadziwa poyambira: wakumbuyo ndiye anayenera kusiya mpata. Mu mpikisano wakumbuyo amalipidwa kuti asasiye mpata. Ntchito yake ndi kuchedwa kugwira buleki kuposa mnzake, kulowetsa thayala lakutsogolo pamene pakuoneka kuti sipangakwane, n'kutulukira patsogolo. Buku la malamulo la FIM, bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, silinena kuti njinga zitalikirane bwanji. Limangoti wokwera aziyendetsa mosamala, mosaika anzake pangozi. Zina zonse zimatsalira m'maso mwa oweruza.

Ndiye timayang'ana chiyani? Khona iliyonse ili ndi laini yake: umayambira kunja, kudula mkati, n'kutulukiranso kunja. Pakati pa khona njinga za MotoGP zimagona kupitirira madigiri 60, bondo ndi chigongono zikukwecha phula, ndipo mbali ya thayala imene ikugwira pansi siposa chikhatho. Munthu ali chigonere choncho sangafinye buleki mwamphamvu, thayala lakutsogolo limangoterereka. Sangathenso kuzemba mwadzidzidzi. Choncho funso loyamba limakhala lakuti ndani anali ndi mpata wosankha zochita. Wodutsayo akanatha kukhota yekha, kapena anachita kutsamira mnzakeyo kuti akhote? Wotsogolayo anatsata laini yake ya nthawi zonse, kapena anaisintha mwadzidzidzi? Wakunjayo anamusiyira poti n'kudutsa njinga imodzi? Mafunso amenewa amayankhidwa ndi vidiyo, imene timaibweza pang'onopang'ono kuchokera mbali zosiyanasiyana, komanso zimene kompyuta ya panjinga inalemba za buleki, moto ndi liwiro.

Nthawi zambiri yankho limakhala loti palibe wolakwa, ndipo oonera limawanyansa yankho limeneli. Ku Jerez ku Spain mu 2018, Andrea Dovizioso anayesa kudutsa Lorenzo, onse awiri anapitirira khona pang'ono, Pedrosa anaona mpata mkati n'kulowa, Lorenzo pobwerera pa laini anakumana naye. Onse atatu anagwa, ndipo palibe analangidwa. Aliyense anachita chimene wokwera wanzeru akanachita, kungoti anachichita pa malo amodzi nthawi imodzi. Khona imeneyo pano imatchedwa ndi dzina la Pedrosa.

Ku Sepang mafunso aja anali osavuta. Rossi sanalakwitse khona. Munthu amene wachedwa kugwira buleki maso ake amakhala kutsogolo, kufuna populumukira. Rossi ankayang'ana mnzake. Iye mwini anavomera kuti anachita dala kupita chakunja kuti Márquez ataye laini ndi nthawi, koma anakana zofuna kum'gwetsa. Mike Webb, wa ku New Zealand, amene anali mkulu woyendetsa mpikisano, ndi anzake anagamula pa mfundo imeneyo: Rossi anapanikiza mnzake dala kunja, mapeto ake kunali kukhudzana ndi ngozi. Anam'patsa mapointi atatu a chilango. Anali kale ndi imodzi imene anaitenga ku Misano chifukwa chotchinga Lorenzo pa nthawi yolimbirana malo oyambira, ndipo lamulo la nthawi imeneyo linkati akakwana anayi, mpikisano wotsatira uyambira kumbuyo kwa aliyense.

Nanga theche lija? A Honda ankati mwendo wa Rossi unagunda chogwirira buleki cha Márquez, thayala lakutsogolo n'kuuma. Rossi ankati Márquez ndiye anayamba kum'gunda mwendo, phazi n'kuchoka popondera. Vidiyo ya helikopita anthu aibweza kosawerengeka, ndipo aliyense amaonamo chimene anabwera akufuna kuona. Oweruza anati zithunzizo sizikutsimikizira kuti panali theche ladala, choncho sanaliike m'chigamulo. Pamenepa ine ndimawavulira chipewa. Woweruza amene akufuna kusangalatsa anthu amathamangira chinthu choonekera kwambiri. Iwo anagwira chimene chinali ndi umboni, chomwenso wolakwayo anavomera ndi pakamwa pake. Zikanatsimikizika kuti linali theche, nkhani ikanakhala yom'chotsa mu mpikisanowo.

Mbali imene imawawa otsatira Rossi mpaka pano ndi ya Márquez. Webb ananena poyera kuti iye ankakhulupirira kuti Márquez ankafuna dala kusokoneza liwiro la Rossi, koma panalibe lamulo limene anaphwanya. Anthu ambiri amaona ngati uku n'kudzitsutsa. Si choncho. Kulimbana ndi munthu amene akusaka ukatswiri, iwe usakuusaka, ndi mwano malinga ndi chikhalidwe cha okwera, koma m'buku mulibe. Kudutsa kulikonse kwa Márquez tsikulo, ukakutenga pakokha, kunali kololedwa. Woweruza sangalange munthu chifukwa cha zimene akuganiza kuti zinali mumtima mwake ngati njinga yake sinachite cholakwa chooneka. Ndinakumanapo nazo pa mpikisano wina wa achinyamata: bambo wa mwana amene anagwa anabwera atanyamula foni, kundionetsa mauthenga osonyeza kuti anawo anakangana dzulo lake. Ndinawauza kuti bambo, mkanganowo ndaumva, koma pa vidiyoyi mwana wanu ndi amene wachoka pa laini yake. Sanandipatsenso moni.

Pamene ndimawadzudzula oweruza a ku Sepang ndi pa nthawi. Ngozi inachitika pa raundi ya 7 mwa maraundi 20. Akanagamula mpikisano uli mkati, Rossi akanalowa kodutsira pang'onopang'ono kuja kwa makaniko, kutaya masekondi ambiri, nkhani n'kuthera ku Malaysia komweko. Iwo anasankha kudikira kuti amve mbali zonse ziwiri. Chifukwa chake n'chomveka, koma zotsatira zake zinakwiyitsa onse. Lorenzo anadandaula kuti Rossi wasunga mapointi 16 a malo achitatu atagwetsa munthu. Otsatira Rossi anadandaula kuti chilango chasamukira ku mpikisano womaliza, umene unali wogamula ukatswiri. Apilo ya Rossi kwa oweruza a FIM inakanidwa tsiku lomwelo, ndipo khoti la zamasewera la ku Lausanne linakana kuimitsa chilangocho.

Pa mpikisano womalizawo ku Valencia pa 8 November, Rossi anafika akutsogola ndi mapointi 7. Lorenzo akapambana, iye ankafunika kukhala wachiwiri. Anayambira kumapeto kwenikweni, anadutsa gulu lonse mpaka kufika pachinayi, koma atatu akutsogolo anali atapita kale. Lorenzo anapambana, Márquez wachiwiri, Pedrosa wachitatu. Chaka chinatha Lorenzo ali ndi mapointi 330, Rossi 325.

Sepang inasintha kayendetsedwe ka milandu. Kuyambira 2016 ntchito yopereka zilango inachotsedwa m'manja mwa oyendetsa mpikisano n'kupatsidwa gulu lapadera la oweruza, ngakhale mkulu woyendetsa mpikisano anatsalabe m'gululo mpaka kumapeto kwa 2018, pamene anachokamo chifukwa munthu mmodzi sangamayang'anire mbendera, ambulansi ndi mvula, uku akubwezanso vidiyo ya mlandu. Mapointi a chilango aja anathetsedwa mu 2017. Mu 2019 kunabwera chilango chodutsa njira yotalikirapo imene imajambulidwa kunja kwa khona ina, chomwe chimadyera wokwera masekondi ochepa mpikisano uli mkati, ndipo mpando wotsogolera oweruza unapita kwa Freddie Spencer, katswiri wakale wa ku America. Ku Argentina mu 2018, pamene Márquez analowa poti sipakanakwana n'kugwetsa Rossi, chilango cha masekondi 30 chinagwira pa mpikisano womwewo, n'kum'chotsa pa mapointi.

Komabe oweruza nawonso amaterereka. Ku Portimão ku Portugal mu 2023 Márquez analephera kuimitsa njinga n'kuwomba Miguel Oliveira, yemwe anali pa mpikisano wa kwawo. Apa panalibe chokangana, iye mwini anavomera kulakwa ndi kupepesa. Anam'lamula kudutsa njira yotalikirayo kawiri, koma pakalata analemba kuti chilangocho akachite pa mpikisano wa ku Argentina. Márquez anali atathyoka fupa la dzanja pa ngozi yomweyo, ku Argentina sanapite. Oweruza anayesa kusintha mawu kuti akachite pa mpikisano uliwonse umene adzabwerere, a Honda anachita apilo, ndipo khoti la apilo la MotoGP linagamula kuti zimene zinalembedwa poyamba ndi zomwezo. Márquez anabwerera ku Le Mans wopanda ngongole.