Kochi wakuno kapena mzungu? Mmene Flames inapitira ku AFCON katatu konse

Flames ikangoluza basi pa Facebook pamagawikana pawiri, ena akuti tibweretsereni mzungu makochi akunowa nzeru zinawathera, enanso akuti azunguwo amangobwera kudzadya madola a FAM nkumapita, timu ipatsidwe mwana wakuno amene akudziwa mmene anyamata athu amaganizira. Ambiri okanganawo anayamba kuonera mpira nthawi ya Gaba (Gabadinho Mhango), nde mwina tibwerere kaye m'mbuyo tione kuti maulendo atatu aja, 1984, 2010 ndi 2021, tinapita bwanji ndipo pa benchi panali ndani.

Akuluakulu akamati kale kunali mpira amanena timu ya Ted Powell, mzungu waku England amene anakhala ndi Flames kuyambira kumapeto kwa ma 1970 mpaka kulowa ma 1980, zaka zambirimbiri osasunthidwa. Timu imeneyo ndi yomwe inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 konkuno kwathu itachinya Zambia 3-2 mu fainolo, chaka chotsatiracho nkukachitetezanso ku Kenya, kuchinya eni bwalo 3-2. Munali Kinnah "Electric" Phiri, Jack "Africa" Chamangwana, Barnet Gondwe, pagolo Boniface Maganga. Kinnah yekha anagoletsa zigoli 71 mu timu ya dziko, mpaka pano palibe wayandikirako olo pang'ono. Chomvetsa chisoni nchoti pomwe timu imapita ku Ivory Coast mu 1984 iyeyo anali atachoka kale kupita ku Swaziland, AFCON sanaisewere.

Za 1984 anthu amazipeputsa poti sitinawine gemu, koma kumbukirani kuti nthawi imeneyo ku AFCON kumapita matimu 8 okha mu Africa yonse, osati 24 ngati lero. Tinatulutsa Zimbabwe ndi Madagascar kuti tikafike, ndipo ku mpikisano weniweniwo pa benchi panali Danny McLennan waku Scotland. Magemu onse tinasewerera ku Bouaké. Algeria inatikwapula 3-0, Ghana 1-0, koma pakati pakepo panali gemu ya Nigeria yomwe madala amaikambabe, tinatsogola 2-0, Harry Waya ndi Clifton Msiya, kenako Clement Temile nkubweza zonse ziwiri hafu yoyamba isanathe nkomwe, 2-2. Pointi imodzi, nkubwerera. Anyamata a m'badwo umenewo, a Young Chimodzi, Lawrence Waya ndi anzawo, anapitirizabe kuchita bwino, mendulo ya bronze ku All Africa Games ku Nairobi mu 1987, chikho cha East and Central kachitatu mu 1988. Kuchoka apo zii. Tinafika mu fainolo ya COSAFA kawiri, 2002 ndi 2003, kuluza konse, koma za AFCON tinadikira zaka 26.

Mu zaka zimenezo makochi amangosinthana, akunja ndi akuno omwe. Burkhard Ziese waku Germany anabwera nkupita, Stephen Constantine waku England anabwera mu 2007 koma pofika 2008 anali atanyamuka, ndipo FAM ya a Walter Nyamilandu inaitana Kinnah yemwe anali akuphunzitsa ku South Africa. Apa mpomwe gulu lokonda makochi akuno limatengera mphamvu, ndipo zoona zake ali ndi poyambira.

Gemu yoyamba ya Kinnah mu ma kwalifaya tinathira Djibouti 8-1, anthu nkumati aaa Djibouti ndi timu ngati. Kenako pa 14 June 2008 kunabwera Egypt, akatswiri a Africa, anali atangotenga chikho ku Ghana miyezi inayi m'mbuyomo. Kamuzu Stadium inadzadza mpaka ku Biafra kopanda poponda, dzuwa likuswa, kapeti ikutentha, gemu ili 0-0 mphindi 90 zakwana ena ayamba kale kutsika masitepe kuthamangira minibasi za ku Ndirande ndi ku Bangwe, nde Chiukepo Msowoya amene analowa kuchokera pa benchi nkumenya mpira uja kulowa. Amene anali atatuluka anangomva chiphokoso kumbuyo kwawo nkuyamba kuthamanga kubwerera pa geti. Tsiku limenelo ku Chichiri magalimoto sanayende. Mu October chaka chomwecho tinachinyanso DR Congo 2-1 pabwalo lomwelo nkulowa ndime yomaliza.

Ndime imeneyo inali ya World Cup ndi AFCON pamodzi, woyamba pagulu amapita ku South Africa, atatu oyambirira ku Angola. Tinagwera Ivory Coast, Burkina Faso ndi Guinea, ndipo tinayamba moipa zedi. Ku Abidjan pa 29 March 2009 tinadya 5-0, ndipo tsiku lomwelo anthu osachepera 19 anafa popanikizana pa geti ya sitediyamu gemu isanayambe, gemu nkuseweredwabe. Burkina inadzatichinya pakhomo 1-0, Guinea kwawo 2-1, magemu atatu mapointi ziro. Akanakhala masiku ano Kinnah akanachotsedwa pompo, ma comment ake mukuwadziwa. Anamusiya. Mu September Guinea inabwera ku Blantyre nkutsogola, Chiukepo analowanso kuchokera pa benchi nkugoletsa ziwiri, 2-1. Pa 10 October kunabwera Ivory Coast, Jacob Ngwira nkugoletsa, iwowo kuona kuti zavuta anadzutsa Didier Drogba pa benchi, sanachedwe kubweza, 1-1. Gemu yomaliza tinaluza 1-0 ku Ouagadougou koma Guinea nayo inaluza kwa Ivory Coast, nde ife mapointi 4 iwo 3. Tinapita ku Angola ndi mapointi folo, onse opezeka pa Kamuzu Stadium.

Timu ija tinkaitchula pamtima: Swadick Sanudi pagolo, kumbuyo kaputeni Peter Mponda, James Sangala, Elvis Kafoteka, Moses Chavula, pakati Joseph Kamwendo, Robert Ng'ambi, Hellings Mwakasungula, Davi Banda, Peter Wadabwa, kutsogolo Esau Kanyenda yemwe ankasewera ku Russia ndi Russell Mwafulirwa, Chiukepo akudikira pa benchi. Anyamata amenewa anali atasewera limodzi zaka, aliyense amadziwa komwe mnzake athamangire. Pa 11 January 2010 ku Luanda, masana kukutentha sitediyamu ili pululu, anathidzimula Algeria 3-0, Mwafulirwa, Kafoteka ndi mutu, Davi Banda, Algeria yomwe inali ndi tikiti ya World Cup m'thumba. Ngongole ya 1984 inabwezedwa ndendende. Kenako Angola inatichinya 2-0, Flávio ndi Manucho, ndipo gemu ya Mali ija musandikumbutse, miniti yoyamba Sanudi anachotsa mpira molakwika nkugwera pa phazi la Frédéric Kanouté, lachiwiri Seydou Keita fulikiki mphindi zitatu zisanapitirire, anthu ena asanakhale nkomwe pansi mu video show. Inatha 3-1. Angola ndi Algeria anangolepherana 0-0 onse nkudutsa.

Kinnah anatsala pang'ono kutibwezeranso mu 2012. October 2011 ku Chad tikutsogola 2-1, tikungofuna wezulo yomaliza, Chad nkubweza mu nthawi yowonjezera, malo athu nkutenga Tunisia. Chaka chotsatira Ghana inatitulutsa ndipo kumayambiriro kwa 2013 anamuchotsa. Zomwe zinatsatira ndi zomwe gulu la "wakuno" silikonda kukamba: Eddington Ng'onamo, Young Chimodzi, Ernest Mtawali, onse ana akuno, onse odziwa mpira, palibe anatifikitsa, komanso palibe anapatsidwa zaka ngati za Kinnah. Pakati pawo panadutsa Tom Saintfiet waku Belgium amene anangokhala miyezi yowerengeka. Mu 2017 kunabwera Ronny Van Geneugden, RVG uja, waku Belgium nayenso, mpira wopatsirana bwino koma kuwina kumasowa, ngakhale ena amati anyamata ambiri amene anadzapita ku AFCON ya 2021 ku Cameroon anawayambitsa ndi iyeyo. Mfundo imeneyo siyabodza kwenikweni.

Meke Mwase anatenga timu mu 2019 akuchokera ku TN Stars ya ku Kasungu, munthu wofatsa wosalankhulalankhula. Gulu linali Burkina Faso, Uganda ndi South Sudan, awiri oyamba amadutsa. South Sudan tinaichinya 1-0 pakhomo, Gabadinho Mhango, Uganda inatichinya 2-0 ku Kampala, Burkina 3-1 kwawo kenako 0-0 kuno, South Sudan kachiwiri 1-0 ku Sudan, Gerald Phiri Jr. Zonse zinatsalira pa 29 March 2021, Uganda ikungofuna dulo. Nthawi ya Covid, Kamuzu Stadium yomwe ija koma masitandi opanda anthu, aliyense ali pa wailesi kapena pa TV, Richard Mbulu nkudumpha kumenya ndi mutu hafu yoyamba, kenako mphindi zotsalazo kunali kungotchinga mtima uli m'mwamba. 1-0, mapointi 10.

Apa nde pomwe mkangano wa lerowu unabadwira zenizeni. Kutatsala milungu yochepa kuti mpikisano uyambe, FAM inatenga Mario Marinica waku Romania, yemwe anabwera ngati technical director, nkumuika pamwamba pa Meke, Meke nkukhala wothandizira pa timu yomwe anaipititsa yekha. Chifukwa chomwe chinaperekedwa nchoti ma kwalifaya a World Cup sanayende bwino, zomwe zinali zoona, koma anthu zinawawawa. Timu inakachita kampu ku Saudi Arabia, Covid nkulowa mu kampu, Marinica naye nkupezeka nayo, nde magemu awiri oyamba ku Bafoussam pa benchi panabwereranso Meke yemwe uja. Ya Guinea tinaluza 1-0 tili ndi osewera anayi okha pa benchi, Gaba palibe, koma tinasewera bwino kuposa iwo. Pa 14 January 2022 Zimbabwe inatsogola ndi Ishmael Wadi, Gaba nkubweza hafu isanathe nkuwonjezera lachiwiri, 2-1. Gaba ameneyu ku Orlando Pirates anali akungokhala pa benchi miyezi, anthu ena amati asatengedwe nkomwe.

Marinica anabwerera pa gemu ya Senegal ya Sadio Mané, 0-0, goloboyi wachinyamata Charles Thomu nkukhala man of the match, ndipo lefu anatipatsa penate Gomezgani Chirwa atagwetsedwa kenako nkukaona pa VAR nkuikaniza, mpaka lero ine ndimati inali penate. Tinadutsa ngati imodzi mwa matimu achitatu ochita bwino, koyamba kufika mu 16. Pa 25 January ku Yaoundé, mphindi 7 zokha, Gaba analandira mpira chakumanzere kutali kwambiri ndi golo, anakweza mutu nkuona Yassine Bounou wasuntha pa mzere, nkuumenya pompo. Chigoli chimenecho chinasankhidwa kukhala chopambana mu mpikisano onse. Morocco inabweza ndi Youssef En-Nesyri hafu ikutha, Achraf Hakimi nkumaliza ndi fulikiki, 2-1. Senegal ija inakatenga chikho, Morocco ija inakafika semi fainolo ya World Cup chaka chomwecho, nde anyamata a Limbikani Mzava, John Banda, Dennis Chembezi, Lawrence Chaziya, Khuda Muyaba, Francisco Madinga sanachite manyazi ayi.

Tsono funsani kuti Cameroon inali ya ndani. A Meke amati anatipititsa ndi iyeyo ndipo gemu yokhayo yomwe tinawina pa benchi panali iyeyo. A Marinica amati mpira wothamanga wopita kutsogolo uja, fast and very fast monga ankanenera, unaphunzitsidwa ku Saudi. Onse akunena zoona, nchifukwa chake sizitha. FAM inasankha mbali, mu 2022 Meke anachotsedwa Marinica nkukhala kochi wamkulu, Meke anakasuma kukhoti la za ntchito ndipo anawina mlandu. Marinica anayamba ndi kuchinya Ethiopia 2-1 pa Bingu, kenako anayamba kusemphana ndi Gaba, Egypt nkudzatithira 4-0 pa Bingu pomwepo mu March 2023, ulendo wake unathera pamenepo.

Ine ndikaona mbiri yonseyi khungu la kochi sindikuliona likugoletsa. Powell anali mzungu, Kinnah ndi Meke akuno, chomwe akufanana nchoti anasiyidwa pa mpando nthawi yokwanira yoti timu ikhazikike, olo ataluza magemu atatu otsatizana, komanso pakhomo amatolera mapointi. Werengani bwino, Egypt, DR Congo, Guinea, Uganda, onsewo anagwera pa Kamuzu Stadium. Pano bwalo limenelo CAF inalikana, magemu ali ku Bingu, ndipo nthawi ina tinkasewerera "pakhomo" ku Johannesburg, koma zimenezo pa mkangano uja sizitchulidwa.

Atachoka Marinica timu inapatsidwa Patrick Mabedi, wakuno, kaputeni wakale wa Kaizer Chiefs, anthu anaombera m'manja, kenako analuza magemu anayi oyamba a AFCON 2025 nkuchotsedwa ndi FAM ya a Fleetwood Haiya. Analowa Kalisto Pasuwa amene anatenga ligi zaka zotsatizana ndi Bullets, ndipo mu November 2024 anachinya Burkina Faso 3-0 pa Bingu titatuluka kale. Pasuwa ndi waku Zimbabwe, anapita ndi Warriors ku AFCON ya 2017, si mzungu komanso si wakuno, nde magulu awiri aja akusowa pomuika, ikawina aliyense akuti ndi wathu.