Rimoti ikasiya kugwira, musathamangire kudula mawaya

Ndatopa nawo mawu akuti "alamu yafa, ingoichotsani." Ambiri amene rimoti ya galimoto yawo yasiya kutsegula zitseko amafika kugalaja atagamula kale mlandu, ndipo ena amakhala atadzera kwa mmisiri wa pansi pa mtengo yemwe wayamba kale kudula mawaya kunsi kwa chiwongolero.

Yambani mwadziwa ngati vuto lili mu rimoti kapena m'galimoto. Dinani batani lolokera la pachitseko cha dalaivala. Zitseko zonse zikaloka, central locking (makina oloka zitseko zonse pakamodzi) ilibe mlandu, yang'anani rimoti. Kabatire kake ndi ka 3V, kawirikawiri CR2032 kapena CR2016, ndipo nambala inalembedwa pakabatirepo. Kakamatha, rimoti imagwira pokhapokha mutayandikira kwambiri galimoto. Inu a Vitz, Passo ndi Sienta zolizira pa batani, mkati mwa rimotiyo muli kakiyi kachitsulo kotsegulira chitseko, ndipo mukagunditsa rimoti pa batani la START mutaponda buleki, injini imalira ngakhale kabatire katatheratu. Palibe chifukwa choitanira galimoto yokoka.

Chikamakana chitseko chimodzi, ndiye kamota ka m'chitsekomo kafooka, kapena mawaya athyokera mu labala yolumikiza chitseko ndi galimoto, poti amapindika tsiku ndi tsiku. Zikakana zonse, onani fyuzi, kenako batire yaikulu, yomwe ikakhala yodzaza imawerenga 12.6V injini itazima.

Chimene anthu amachiiwala ndi kaswitchi kouza galimoto kuti chitseko chatsekeka. Kakachita dzimbiri kapena kulowa madzi kotsukitsa, galimoto imayesa kuti chitseko, buti kapena boneti zili pululu. Pamenepo imakana kuloka mwadala, ndipo alamu imalira pakati pa usiku popanda woikhudza. Pa dashibodi kachithunzi ka chitseko kamakhala kakuyaka, koma ndani amakayang'ana?

Nkhani ya mayi wina wogulitsa kaunjika imandiwawabe. Alamu yawo inkasowetsa tulo anthu oyandikana nawo nyumba. Mnyamata wina anawauza kuti alamu yochokera ku Japan "siigwirizana ndi nyengo ya kuno", anaidula, n'kuikamo ina yotchipa. Alamu zoterezi zimazimitsa injini podula waya wopita ku pampu ya mafuta kapena ku ignition, choncho waya umenewo anaudula pakati. Polumikiza anangopotokola n'kukulunga tepi, osawotcherera. Patapita miyezi, mfundo ija inamasuka ndi mabampu, injini n'kuzima pa M1 mayiwo akupitirira thiraki, ana ali kumbuyo. Anapulumuka chifukwa wobwera kutsogolo anapatukira kumbali. Titafufuza, chimene chinkaliza alamu yoyamba ija chinali kaswitchi kamodzi ka chitseko chakumbuyo, ntchito yosatha ngakhale ola limodzi. Mnyamatayo sanayezepo kalikonse, ndipo ndikukhulupirira kuti mpaka lero akudulabe mawaya a anthu ena.

Munthu amene wagwira pulayala asanagwire mita yoyezera magetsi, mulandeni kiyi yanu. Akanena kuti "tingochita bypass immobiliser", dziwani kuti akuchotsa chinthu chimene chimalepheretsa wakuba kuliza galimoto yanu. M'mutu mwa kiyi ya galimoto yokhala ndi immobiliser muli kachipangizo komwe kompyuta ya galimoto imayenera kukazindikira, n'chifukwa chake kiyi yosulitsa pamsika imatsegula chitseko koma injini osalira. Musagulenso rimoti poona kuti ikufanana ndi yanu: rimoti imalankhula ndi galimoto pa mafunde a wailesi, ndipo za ku Japan zimayendera cha m'ma 315 MHz, za ku Ulaya 433 MHz, ndipo sizimvana.

Galimoto zambiri zogula ku Japan zimafika ndi kiyi imodzi. Pangitsani yachiwiri panopa, yoyambayo ikadalipo, chifukwa pa galimoto zambiri kuonjezera kiyi n'kosavuta pamene ina ikugwira ntchito. Mukataya yokhayo, pamafunika kukonza kompyuta ya immobiliser kapena kuisintha, galimoto ili chiimire pabwalo.