Kuyenda ndi ana m'mapiri a Viphya ndi Nyika

Makolo ambiri muno mu Mzuzu akamva zopita ndi ana kumapiri amangoganiza za Mulanje: kukwawa m'miyala tsiku lonse, mawondo kunjenjemera, ndi nkhani za anthu amene anasowa ku Sapitwa. Pa ntchito yanga yoperekeza anthu m'mapiri a kuno kumpoto, funso limene ndimakumana nalo kawirikawiri ndi lakuti, "Nanga mwana wa zaka 6 angathe?" Angathe ndithu, ndipo chimene chimamuthandiza ndi mmene dziko lathu linakhalira.

Ku Mulanje munthu amayambira m'tsinde, m'minda ya tiyi, ndipo mita iliyonse mpaka pansonga ya mamita 3,002 amaikwera ndi miyendo yake. Kuno n'kosiyana. Mzuzu weniweniyu ali kale pamtunda wa mamita oposa 1,200, msewu wa M1 wopita ku Mzimba umakukwezaninso kudutsa ku Chikangawa, m'mapiri a Viphya, ndipo Chelinda, pakati pa Nyika, ali pa mamita pafupifupi 2,300. Chitunda chachikulu galimoto imakhala itakukwererani kale. Chimene chimatsalira miyendo ndi timapiri toyalana, tokwera mwapang'onopang'ono, ta udzu ndi zitsamba zazifupi, nkhalango zikubisala m'zigwa. Malo otere agogo ndi chidzukulu amayenda limodzi bwinobwino.

Koma kukwera ndi galimotoko n'komwenso kumapusitsa anthu. Mwa zonse zimene makolo amaopa, kaya njoka, afisi kapena nyalugwe, palibe chimene chimandidetsa nkhawa ngati kuzizira. Pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Munthu amanyamuka ku Katoto atavala malaya okha, dzuwa lili phwee, n'kukatsikira pamalo amene mu Juni ndi Julayi udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Mwana amataya kutentha msanga kuposa wamkulu chifukwa thupi lake ndi laling'ono poyerekeza ndi kukula kwa khungu limene likuombedwa ndi mphepo. Akanyowa, kaya ndi thukuta kaya ndi mvula yowaza ija ya kuno, zimafulumira kwambiri, makamaka ngati wavala zathonje, zimene zimasunga madzi. Mwana wolongolola akayamba kungokhala duu, kupunthwapunthwa pamalo osalala, kapena kuyankhula mokoka lilime, musamukalipire kuti ndi waulesi. Imani pamalo obisika ku mphepo, m'vuleni zonyowa, m'vekeni zouma, m'patseni tiyi wa shuga, ndipo ulendo uthere pomwepo.

Sizifuna zovala zodula ayi. Pa kaunjika mupeza juzi yaubweya, kajekete kotchinga mvula ndi chipewa chofika m'makutu. Zovala zopyapyala zingapo zovala mosanjikiza zimaposa chijasi chimodzi chokhuthala, chifukwa mwana amatha kuvula ndi kuvala malinga ndi mmene kukusinthira. Zosinthira muziike m'jumbo kuti zisanyowe. Nsapato zikhale zimene anazizolowera kale. Zatsopano zimatulutsa matuza ola loyamba lisanathe. Amayi musasiye chitenje kunyumba. Chimakhala mphasa pa nthawi ya chakudya, chofunda kukazizira, ndiponso mbereko wamng'ono akatopa.

Chachiwiri ndi chifunga, ndipo apa ndikuchenjeza kwambiri za Chikangawa. Nkhalango ya paini imeneyi inadzalidwa kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1960 ndi cholinga chodyetsa fakitale ya mapepala imene sinamangidwe, ndipo inafika mahekitala pafupifupi 53,000. Moto ndi macheka zadya gawo lalikulu, komabe timisewu ta malole a matabwa tidakalipo, tofanana ngati mizere ya m'munda. Chifunga chikatsika, mphambano iliyonse imaoneka ngati imene mwangodutsa, ndipo netiweki ya foni imasowa m'zigwa. Choncho wina wa kunyumba adziwe njira imene mwatenga ndi nthawi imene mubwerere. Mwana aliyense akhale ndi wezulo m'khosi, ndipo aphunzitsidwe kuti akasiyana ndi anzake aime pamene alipo n'kumaimba katatukatatu. Mwana woima amapezeka msanga, pamene wothamanga ndi mantha amangotalikira. Poyenda, wamkulu mmodzi atsogole, wina atsekere kumbuyo.

Nanga mtunda wake utalike bwanji? Okwera mapiri amagwiritsa ntchito kawerengedwe ka William Naismith wa ku Scotland, ka mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuwonjezapo ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Kameneko n'ka anthu akuluakulu amphamvu zawo. Ndikakhala ndi ana a ku pulayimale ndimawerengera makilomita 2 pa ola, ndipo ulendo woyamba sindiupitiriza maola atatu. Abambo ndiwo amavuta pamenepa, kunena zoona. Amafuna kukafika pansonga kuti akajambulitse, pamene mwana wagwada akuonerera nyerere zikukoka chiwala. Musiyeni aonerere. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwana amene anakokedwa mokakamiza ulendo woyamba sadzafunanso wachiwiri. Muziima pafupipafupi, adye pang'ono asanadandaule njala: nthochi, mtedza wokazinga, mbatata yophika, chigumu. Madzi a mumtsinje, ngakhale aoneke oyera bwanji, ayambe athiridwa mankhwala kapena kuwiritsidwa.

Poyambira pabwino ndi pafupi pompano. Kum'mawa kwa mzinda kuli mapiri ndi nkhalango ya Kaning'ina, kumene kumachokera madzi odzaza damu la Lunyangwa amene timamwa m'mipopi. Ndi nkhalango yotetezedwa, choncho yambani mwafunsa ku ofesi ya zankhalango, ndipo mupite ndi munthu wodziwa njira. Kumwera, mbali ya Luwawa, kuli damu ndi njira zoikidwa zizindikiro zimene ana amazitha bwino, ndipo popita mudzawaonetsa mwala waukulu uja wooneka ngati njovu m'mbali mwa M1. M'nkhalango za miombo masuku amapsa chakumapeto kwa chaka, ndipo ana atole mmene angathere. Bowa ayi. Wakupha ndi wodyedwa amafanana kwambiri moti ngakhale akuluakulu amalakwitsa, ndiye lamulo kwa mwana likhale losakhudza n'komwe. Muwaonetsenso chitedze kuti achidziwe, ndi mzere wa linthumbu kuti aziudumpha. Madzulo posamba muwayang'ane nkhupakupa m'khwapa, m'mutu ndi kuseri kwa mawondo.

Njoka zambiri zimathawa zikamva mgugu wa mapazi, kupatula mphiri, imene imangogona panjira. Nsapato zotseka ndi buluku lalitali zimathandiza. Wina akalumidwa, musateme mphini, musayamwe bala, musamange chingwe chothina. M'nyamuleni asayende, mwendowo usagwedezeke, ndipo thamangirani kuchipatala.

Nyengo iliyonse ili ndi zake. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala ndi nthawi ya moto wolusa. Moto umathamanga pokwera chitunda kuposa potsika, choncho musauthawire kumtunda. Pitani cham'mbali, kumsewu, kumtsinje kapena pamene papsa kale. M'dzinja mvula ya mabingu imakonda masana. Nyamukani m'mamawa, ndipo kukayamba kugunda tsikani pamwamba pa chitunda, osabisala pansi pa mtengo woima paokha.

Ana akazolowera, apititseni ku Nyika. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1965 ndipo ndi yaikulu kuposa ina iliyonse m'Malawi, masikweya kilomita oposa 3,000 m'bwalo lake lonse. Njira imadzera ku Ekwendeni, Rumphi ndi Bolero mpaka pachipata cha Thazima, kenako ulendo wina wautali wafumbi kukafika ku Chelinda. Imafuna galimoto yokwera, mafuta okwanira kupita ndi kubwerera, ndiponso kugona komweko. Kupita ndi kubwerera tsiku limodzi n'kuzunza ana. Amalawi timalipira ndalama yochepa pachipata kuposa alendo akunja. Ubwino wa Nyika kwa mwana ndi wakuti palibe chotchinga maso. Mbidzi, nchefu, chilembwe ndi mphoyo amaziona yekha zikudya patsidya, popanda womulozera. Kuzungulira madamu a pafupi ndi Chelinda, kapena kukafika ku kanyanja ka Kaulime, kumakwanira tsiku. M'miyezi ya mvula udzu umadzaza maluwa, ndipo a mtundu wa chinaka okha alipo mitundu yoposa 200, ngakhale kuti nthawi imeneyo msewu umaterera koopsa. Kuli njovu ndi anyalugwe, ndiye musayende popanda msilikali wa paki, ndipo ana asatsogole.

Nganda, nsonga yaitali kuposa zonse pa Nyika, imapitirira pang'ono mamita 2,600, koma galimoto imafika pafupi moti mwana wa zaka 10 wozolowera kuyenda amaikwera kukakhala kopanda chifunga. Ulendo wa masiku atatu wotsikira ku Livingstonia, wogona m'matenti, usungireni amene ali ku sekondale. Tsiku lomaliza ndi lotsetsereka kwambiri, ndipo limapweteka mawondo ngakhale a ife akuluakulu.