Kugonja dala kuti apeze mnyamata: momwe maere a NHL adayambira

M'ligi ya NHL ya ku United States ndi Canada, komwe hockey amaseweredwa pa madzi oundana, matimu sagula anyamata ongoyamba kumene. Chaka chilichonse amasankha mosinthana anyamata a zaka 18, ndipo kale timu yothera kumchira kwa ligi ndiyo inkayamba kusankha. Cholinga chidali choti ofooka adzuke. Koma eni matimu sadachedwe kuona kuti kugonja nakonso kuli ndi phindu.

Mu 1984 aliyense ankalozera Mario Lemieux, mnyamata wa ku Montreal. Pittsburgh Penguins idali pamavuto a ndalama, mipando yambiri m'bwalo lawo ili yopanda anthu. Ligi ikupita kumapeto, akuluakulu a timuyi adagulitsa Randy Carlyle, wotchinga kumbuyo wodalirika, ku Winnipeg. Goloboyi Roberto Romano adamutsitsira ku ligi yaing'ono n'kuika Vincent Tremblay, yemwe zigoli zinkangomudutsa. Penguins idathera kumchira ndi mapointi 38, New Jersey Devils 41. Lemieux adapita ku Pittsburgh, ndipo chikho cha Stanley, chomwe ndi chikho chachikulu cha ligiyi, chidabwera mu 1991 ndi 1992. Patapita zaka, mphunzitsi wawo Lou Angotti adavomera kuti kugonjako kudali kokonza.

Chomwe chidasintha malamulo ndi nkhani ya Ottawa Senators mu 1993. Timuyi idathera kumchira ndi mapointi 24, manong'onong'o n'kumveka kuti idagonja dala pofuna mnyamata waluso Alexandre Daigle. Ligi idafufuza, ndipo idalipiritsa timuyi chindapusa cha madola 100,000 chifukwa cha zomwe mkulu wake Bruce Firestone adalankhula. Daigle, asadasewereko ngakhale kamodzi mu NHL, adasaina kontilakiti ya zaka zisanu ya madola 12.25 miliyoni. Eni matimu ena adakwiya. Pofika 1995 padabwera zinthu ziwiri: maere osankhira timu yoyamba, ndi malire a malipiro a wosewera watsopano.

Apa ndi pomwe mtima wanga suvomera. Wogonja dala adali mabwana, koma wodulidwa malipiro adakhala mnyamata. Sasankha mzinda wokagwirako ntchito, ndipo zaka zitatu zoyamba sangapitirire malire aja ngakhale atadzaza bwalo yekha. Malirewo adachititsanso kuti katswiri wachichepere akhale wotchipa, motero dyera logonja lidangokula. Ganiziraninso osewera omwe amalowa m'bwalo, kuthyoka mano ndi nthiti, pomwe ku ofesi akuwawerengera kuti agonje.

Maere sadathetse mchitidwewu. Pa 26 March 2015, Buffalo Sabres idalandira Arizona Coyotes, onse awiri ali kumchira, maso ali pa mnyamata waluso Connor McDavid. Sam Gagner wa Arizona atagoletsa chigoli chopambanira m'nthawi yoonjezera, masapota ambiri a Buffalo, atavala yunifolomu ya timu yawo, adakuwa ndi chimwemwe pabwalo lawo lomwe. Osewera awo adatuluka mitu ili pansi.

Buffalo idatheradi kumchira, mwayi wake pa maere uli 20 pa 100 aliwonse. Maerewo adagwera Edmonton Oilers. McDavid adapita ku Edmonton pa malipiro oyambira a madola 925,000 pachaka, Buffalo n'kutenga Jack Eichel, yemwe adachoka mu 2021 asadalowepo ndi timuyo m'mipikisano yolimbirana chikho.