Amatisankhira ndani nkhani yokambirana?

Mukakwera minibasi pa depoti ya Mzuzu m'mawa, mumapeza anthu osadziwana atagwirira nkhani imodzi. Wina akuti nduna ija yalakwa, mnzake akuti yachita bwino, mpaka kondakitala kuiwala kubweza chenje. Ine monga mphunzitsi wa utolankhani ndimaona kuti otsutsanawo agwirizana kale pa chinthu chachikulu osadziwa: kuti nkhani yofunika lero ndi imeneyi. Adawagwirizanitsa ndani?

Mu 1968, pa nthawi ya chisankho cha pulezidenti ku America, Maxwell McCombs ndi Donald Shaw adafunsa anthu 100 a m'tauni ya Chapel Hill, omwe adali asanaganize womuvotera, kuti atchule mavuto aakulu a dziko lawo. Kenako adasanthula nyuzipepala ndi nkhani za pa TV zomwe zinkafika m'tauniyo, kuona nkhani yomwe yapatsidwa malo aakulu ndi yomwe yaponyedwa kumapeto. Zomwe anthu adatchula ndi zomwe atolankhani adaika patsogolo zidafanana pafupifupi ndendende. Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 1972, ndipo zidatsimikiza zomwe Bernard Cohen adanena mu 1963, kuti nyuzipepala nthawi zambiri imalephera kukuuzani maganizo oti mukhale nawo, koma imapambana kwambiri pokuuzani nkhani yoti muiganizire.

Ophunzira anga sachedwa kufunsa kuti, "Nanga aphunzitsi, ngati atolankhaniwo amangolemba zomwe anthu akudandaula kale?" Funsoli ndi lanzeru, ndipo kafukufuku wa ku Chapel Hill payekha sangaliyankhe. Adaliyankha ndi Shanto Iyengar ndi Donald Kinder m'zaka za m'ma 1980. Iwo ankasintha mwadala nkhani za pa TV, gulu lina kulionetsa zambiri za chitetezo cha dziko, lina za vuto lina. Patatha masiku ochepa, gulu lililonse linkati vuto lalikulu ndi lomwe lija lidaonetsedwa kawirikawiri.

Ife a kuno tidaziona zimenezi ndi maso. Kwa zaka 30 dziko lonse linkadalira wailesi imodzi ya MBC, ndipo mu 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesiyo. Nkhani yomwe siinatchulidwe pa wailesi inkangonong'onedwa m'nyumba, zitseko zili zotseka. N'chifukwa chake kalata ya maepiskopi achikatolika ya pa 8 Marichi 1992 idagwedeza dziko. Zomwe idanena, za umphawi, malipiro ochepa ndi kumanga anthu popanda mlandu, aliyense ankazidziwa kale. Chachilendo chidali kuzimva zikuwerengedwa poyera, m'matchalitchi onse, tsiku limodzi. Pa 14 Juni 1993 tidavota pa riferendamu yosankha pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri.

Lero tili ndi Voice of Livingstonia ndi Radio Tigabane pompano, kuphatikizanso Facebook ndi WhatsApp m'thumba. Koma kusankha sikunathe. Akonzi a nyuzipepala zikuluzikulu ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo mtolankhani wopanda galimoto ndi mafuta amafika msanga ku msonkhano wa pa hotela kusiyana ndi ku Nthalire kapena ku Usisya. Palibe amene wanama apa, komabe mlatho wokokoloka wa kumudzi wasowa malo. Facebook nayo imakankhira patsogolo zomwe anthu akukangana nazo kwambiri.

Mphamvuyi ili ndi malire ake. Mtengo wa chimanga ku Zigwagwa kapena mzere wa mafuta pa Katoto simudikira wailesi kuti ikuuzeni, thumba limakuuzani lokha. Pomwe timadalira atolankhani ndi pa zinthu zosaoneka ndi maso, monga ngongole za boma ndi mapangano a migodi. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga udayamba kukumba uranium mu 2009 n'kuima mu 2014, koma ndi angati mwa ife adamvapo pa wailesi, mfundo ndi mfundo, zomwe boma lidagwirizana ndi kampaniyo? Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza zikalata za boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo silidalembedwere atolankhani okha. Mphunzitsi, mlimi kapena wogulitsa kaunjika ali ndi ufulu wolemba kalata kupempha chikalata chotere.