Khonsolo ya boma: mafunso ndi mayankho pa ntchito zake ndi gawo la munthu wamba

Ambiri timakumbukira khonsolo wodula ziphaso akaima pa benchi yathu ya tomato, kapena mlatho wa kumudzi ukapita ndi madzi. Koma pa boma pamachitika ntchito yambiri tsiku ndi tsiku imene lamulo limalola munthu wamba kuiona, kuifunsa ngakhale kuitsutsa. Mafunso otsatirawa ndi amene samalephera kutuluka pa misonkhano ya chitukuko ndi pa mapologalamu a pa wailesi oimbira foni.

Khonsolo ndi bwanamkubwa uja ndi antchito ake?

Ayi, iwowo ndi theka chabe. Khonsolo yeniyeni ndi bwalo la anthu omanga mfundo: makhansala osankhidwa m'mawodi, aphungu a Nyumba ya Malamulo a m'bomalo, mafumu akuluakulu, ndi anthu asanu oimira magulu monga amayi, achinyamata, aulumali ndi amalonda. Mafumu ndi oimira maguluwa amalankhula nawo koma savota. Wapampando amasankhidwa pakati pa makhansala, ndipo m'makhonsolo a maboma amakhala pampandowo chaka chimodzi.

Theka linalo ndi ogwira ntchito olembedwa ndi boma. Mkulu wawo ndi bwanamkubwa, amene tonse timangoti a DC, ndipo pansi pake pali akuluakulu oona za mapulani ndi chitukuko, zachuma, zomangamanga, zaumoyo, zamaphunziro ndi zaulimi. Bwanamkubwa sanavoteredwe ndi munthu aliyense, ndipo pa msonkhano wa khonsolo savota. Ntchito yake ndi kulangiza, kusamala ndalama ndi kuchita zimene bwalo lagwirizana.

Maboma onse 28 a m'Malawi ali ndi khonsolo yawoyawo. Mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba ili ndi makhonsolo apadera otsogoleredwa ndi meya, chimodzimodzinso matauni monga Kasungu, Luchenza ndi Mangochi. Choncho wa ku Ndirande ndi wa ku Lirangwe onse ndi a ku Blantyre, koma makhonsolo awo ndi osiyana.

Nanga n'chifukwa chiyani zimaoneka ngati wamphamvu ndi bwanamkubwa ndi phungu, osati khansala?

Mbiri ndiyo inatilera choncho. Lamulo la maboma ang'onoang'ono ndi mfundo ya mphamvu ku anthu zinabwera mu 1998, ndipo makhansala oyamba pansi pa lamulolo anasankhidwa mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china sichinachitike mpaka mu 2014. Zaka 9 zonsezo makhonsolo ankayenda opanda khansala ndi mmodzi yemwe, ndipo abwanamkubwa, aphungu ndi mafumu anazolowera kumanga okha mfundo. Mu 2010, makhansala kulibe choncho, Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo: inachepetsa mawodi ndi kupatsa aphungu mphamvu yovota m'khonsolo. Makhansala atabwerera mu 2014 m'mawodi 462 anapeza mipando itatenthedwa kale ndi ena.

Mkangano umenewu unafika mpaka ku khoti. Mu Meyi 2025, pa mlandu umene linakasuma bungwe la makhonsolo la MALGA, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti phungu kuvota m'khonsolo ndiponso kuyendetsa nawo thumba la chitukuko cha dera lake la CDF n'kusemphana ndi malamulowo, poti munthu mmodzi sangakhale wopanga lamulo, wogwiritsa ntchito ndalama, komanso wolondoloza momwe ndalamazo zayendera. Pa chisankho cha 2025 mawodi anali atakwera kufika 509.

Ndi ntchito ziti zimene tingaifunse khonsolo, ndipo ndi ziti zimene si zake?

Za khonsolo ndi sukulu za pulayimale, chipatala cha pa boma ndi zipatala zing'onozing'ono za m'madera, alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, mijigo, misika, madepoti a basi, zimbudzi za onse, zinyalala, misewu ya m'midzi ndi timilatho take, ziphaso za malonda, ndi chisamaliro cha anthu monga Mtukula Pakhomo.

Apolisi, makhoti, magetsi, zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central, ndi misewu ikuluikulu ngati M1 sizili m'manja mwa khonsolo. Khansala angakuperekereni uthenga, koma kumukalipira chifukwa cha maenje a pa M1 n'kutaya malovu.

Mudzi wathu ukufuna mjigo. Tiyambire pati?

Yankho limene anthu salikonda ndi lakuti muyambire pamudzi pomwepo, osati pa ofesi ya a DC. Pansi pa gulupu aliyense pali komiti ya chitukuko ya VDC. Komitiyi imasankhidwa ndi anthu, ndipo mfumu imakhalamo ngati mlangizi, osati wapampando. Ntchito yake ndi kuitanitsa anthu, kumva zosowa zawo, kuziika mu ndondomeko kuyambira chofunika kwambiri, ndi kuzilemba mu pulani ya mudzi.

Kuchoka apo mapulaniwo amapita ku ADC, komiti ya dera lonse la mfumu yaikulu. Kumeneko zofuna za magulupu onse zimapikisana, ndipo alangizi a boma ogwira ntchito m'deralo, amene ali ndi komiti yawo ya AEC, amathandiza kuunika: kodi mudziwu uli ndi anthu angati, mjigo wapafupi uli pamtunda wotani, kodi pamalopo madzi angapezeke? Zimene zadutsa ku ADC zimapita ku boma, kumene komiti ya akatswiri ya DEC, yotsogoleredwa ndi bwanamkubwa, imazisanja mu pulani ya chitukuko ya boma lonse ya zaka zingapo. Pulaniyo imavomerezedwa ndi khonsolo, ndipo chaka ndi chaka bajeti imatolamo zimene ndalama zingakwanitse.

Njirayi ndi yaitali, ndipo kunena zoona imatopetsa. Koma chinthu chimene sichinalembedwe mu pulani ya mudzi n'chovuta kuchipezera ndalama m'njira yoyenera, ndipo chikabwera modumpha njirayi nthawi zambiri chimagwera pakhomo pa wodziwana ndi akuluakulu. N'chifukwa chake mumapeza mijigo iwiri yoyang'anana pafupi ndi msika, pomwe amayi a kuseri kwa phiri akutungabe pa chitsime chosatetezedwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: ngati VDC ya kwanu inasiya kukumana, kapena mamembala ake anasankhidwa kalekale moti ena anasamuka, auzeni a gulupu ndi khansala kuti pachitike chisankho china. Ndipo pa msonkhano onetsetsani kuti mlembi walemba zimene mwagwirizana m'buku, osati pa kapepala kothothola.

Ndalama za khonsolo zimachokera kuti?

Zochuluka zimachokera ku likulu, kudzera ku komiti yoona za chuma cha makhonsolo ya NLGFC, imene inakhazikitsidwa ndi malamulo oyendetsera dziko. Zina ndi za malipiro, zina ndi zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku monga mafuta a ambulansi ndi chakudya cha odwala, zina ndi za chitukuko. Pa zachitukukozi pali thumba la DDF, limene ndi la boma lonse, ndi thumba la CDF, la dera la phungu, limene linayamba mu 2006 ndipo pofika chaka cha ndalama cha 2024/25 linali K200 miliyoni pa dera lililonse. CDF si ndalama ya m'thumba mwa phungu. Ndi msonkho wanu, ndipo imasungidwa ndi kuwerengedwa ndi khonsolo.

Palinso ndalama za pulojekiti ya GESD yothandizidwa ndi World Bank, zimene sizingoperekedwa mwachisawawa. Chaka chilichonse makhonsolo amapimidwa momwe agwirira ntchito ndi momwe asungira mabuku a ndalama. Yochita bwino imalandira zambiri, yolephera mfundo zoyambirira imamanidwa. Ndiye wowerengera ndalama akasokoneza mabuku pa boma, wolangika ndi mwana wophunzirira pansi pa mtengo.

Mfundo ya 1998 inati makhonsolo azilandira zosachepera K5 pa K100 iliyonse imene boma latolera, kupatula thandizo lakunja. A MALGA akhala akudandaula kuti izi sizikwaniritsidwa, ndiponso kuti zochepa zimene zimabwerazo zimafika mochedwa. Apa m'pamene pagona vuto lalikulu la mphamvu ku anthu: ntchito zinatsitsidwa ku maboma, koma chikwama chinatsalira ku Capital Hill. Osati kuti khonsolo iliyonse yolephera ibisale kuseri kwa chifukwa chimenechi. Zina zimalandira koma osaonetsa chogwirika.

Gawo lomaliza ndi limene khonsolo imatolera yokha: ziphaso za pamsika ndi pa depoti, ziphaso za malonda, lendi ya nyumba ndi malo ake, ndipo m'mizinda msonkho wa nyumba. M'maboma akumidzi ndalama zimenezi ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi zochokera ku likulu.

Timalipira pamsika tsiku lililonse koma chimbudzi chinadzaza. Tisiye kulipira?

Kunyanyala kumamveka, ndipo amalonda m'misika yambiri anakuyesapo. Choopsa chake n'chakuti olipidwa kuchokera ku ndalama zimenezi ndi osesa, alonda ndi oyang'anira msika, choncho zinyalala zimayamba kuunjikana sabata isanathe. Chothandiza n'kupita ngati komiti ya msika, osati mmodzimmodzi, kukafunsa kuti msika wanu watolera zingati pa miyezi itatu yapitayi ndipo zabwerera zingati. Kenaka khansala akaitule nkhaniyo ku komiti ya zachuma.

Ndipo musamalandire mwayi wolipira theka popanda chiphaso. Ndalama imeneyo siifika ku khonsolo, ndipo mawa mukakafunsa za chimbudzi adzakuonetsani buku losonyeza kuti msika wanu supereka kanthu.

Kodi munthu wamba angalowe pa msonkhano wa khonsolo?

Inde. Khonsolo yonse imayenera kukumana kosachepera kanayi pachaka, ndipo lamulo limati misonkhanoyi ndi yotseguka kwa anthu ndi atolankhani, pokhapokha pakhale nkhani yoyenera kukambidwa mseri, monga mlandu wa wantchito. Mumakhala n'kumvetsera, kulankhula ndi kwa mamembala.

Dziwani kuti nkhani ikamafika pa msonkhano waukuluwu imakhala itaphikidwa kale m'makomiti: la zachuma, la chitukuko, la zamaphunziro, la zomangamanga, la zaumoyo ndi chilengedwe, la zaulimi, ndi loona za antchito. Mufunseni khansala wanu kuti ali mu komiti iti. Kumbukiraninso kuti kuyambira mu 2022 chaka cha ndalama cha boma chimayamba pa 1 Epulo, ndiye bajeti imakonzedwa m'miyezi ya dzinja. Pempho lobwera mu Juni lapeza nsima itagawidwa kale.

Khansala wathu sathandiza pa maliro. Si ntchito yake?

Si ntchito yake. Khansala salandira malipiro onga a phungu, amangopatsidwa kangachepe komuthokoza ndi maalawansi a misonkhano, ndipo alibe thumba la mabokosi kapena la fizi ya ana. Akathandiza pa maliro wathandiza ngati mnansi. Muyeso wake ndi wina: kodi amapita ku misonkhano ya ADC? Amawerenga malipoti a zachuma asanakweze dzanja? Akachoka ku boma amaitanitsa anthu kudzawauza zimene zamangidwa? Amayendera sukulu imene ikumangidwa n'kuona ngati simenti ikukwanira? Tikamamuyeza ndi mabokosi timamuphunzitsa kusakasaka ndalama kwa makontirakitala omwe iye akuyenera kuwalondoloza.

Malamulo amene mfumu yakhazikitsa ndi ofanana ndi a khonsolo?

Ayi. Khonsolo ili ndi mphamvu yopanga malamulo ake pa misika, zinyalala, ziweto, mowa ndi zina, koma ayenera kuvomerezedwa ndi nduna ya maboma ang'onoang'ono, ndipo wowaphwanya angatengeredwe ku khoti. Zimene mudzi wagwirizana, monga chindapusa cha nkhuku kwa wosamanga chimbudzi, ndi pangano la pamudzi. Onsewo sangapose malamulo a dziko.

Ku ofesi ya a DC kumapitidwanso pa zifukwa ziti?

Okonza zionetsero amakapereka kalata yodziwitsa bwanamkubwa maola osachepera 48 tsikulo lisanafike. Lamulo limati kudziwitsa, osati kupempha chilolezo. Kumeneko n'komwenso kumatulidwa malipoti a ngozi zogwa mwadzidzidzi asanapite ku nthambi ya boma yoona za ngozizi ya DoDMA, kumamangidwa ukwati wa kwa DC, ndipo kumayendetsedwa nkhani zambiri za chuma cha masiye. Ofesi ya NRB ya ziphaso za unzika ndi za kubadwa imapezekanso pa boma.

Kontirakitala wathawa, chipinda chophunziriramo chaima pa mawindo. Tikadandaule kuti?

Yambani ndi kutolera mfundo. Komiti yoyang'anira ntchitoyo, imene imasankhidwa pakati pa anthu a m'deralo, iyenera kudziwa dzina la kontirakitala, mtengo wa ntchito, thumba limene ndalama zachokera ndi tsiku lomalizira. Ngati siikudziwa, lembani kalata kwa bwanamkubwa yopempha zimenezi pamodzi ndi ndalama zimene zalipidwa kale. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe, ndipo ikakana popanda chifukwa chomveka mungakadandaule ku bungwe la Malawi Human Rights Commission.

Makalata akhale atatu. Ina musiye, inayo akudindireni chidindo chosonyeza tsiku limene alandira, muisunge kwa mlembi wa VDC. Perekaninso ina kwa khansala kuti nkhaniyo ilowe mu komiti ya zomangamanga. Ngati mwaona kuti kontirakitala analipidwa ndalama zonse ntchito isanathe, kapena kuti simenti ndi malata zinagulitsidwa, imeneyo ndi nkhani ya bungwe lothana ndi katangale la ACB kapena apolisi. Ngati vuto ndi lakuti ofesi ikungokuzungulitsani miyezi ndi miyezi osayankha, ndi ya ofesi ya Ombudsman. Kulikonse kumene mungapite tengani zithunzi za nyumbayo, kalata yodindidwa ija, ndi buku la komiti losonyeza katundu amene anafika pamalopo ndi tsiku lake.